Chifu cha Nkhasi

Kwathu ku Dedza ndinakula ndikudziwa kamba wa kumtunda yekha, uja woyenda mwaulesi m'thengo mvula ikagwa, wodya bowa ndi masamba anthete. Nkhasi ndinaiona koyamba nditakwatiwa ku Mlowe, m'mbali mwa nyanja m'boma la Rumphi, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Inali itakodwa m'matchera a mwamuna wanga, maukonde aja otchera m'madzi n'kukavuula mawa lake. Chinali chinthu chophwatalala ngati lichero, kumsana kopanda chigoba cholimba koma chikopa choterera, khosi lalitali, kamphuno kosongoka ngati kabango. Ndinati kamba ameneyu winawake wamukhalira. Mwamuna wanga anandiuza kuti ndichotse chala pafupi ndi kamwa lake ngati ndikufunabe kumasoka zovala, kenako anaikankhira m'madzi ndi nkhafi. Tsiku limenelo nsomba zinali zodzaza beseni, ndiye nkhasi inalibe ntchito.

Mwamuna wangayo anamira mwana wathu wamkazi ali ndi zaka ziwiri. Inali nthawi ya matipate, zipani zikugawa malaya ndi zitenje pamisonkhano, ndipo iye ankalandira kwa aliyense wogawa, ati kunyanja kumazizira mofanana kaya wavala nkhope ya ndani. Anapita kukavuula matchera atavala amodzi mwa malaya amenewo. Mphepo ya mpoto inauka mwadzidzidzi monga imachitira mvula zoyamba, bwato linapezeka litagadabuka cha ku Luwuchi, iye osapezeka. Amuna anafufuza ndi mabwato mpaka anatopa. Pomaliza anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu yoyera, n'kuliika m'manda ndi nyimbo zonse za mpingo. Ndinalira, inde, koma mumtima ndinali ndi ukali kuona anthu akuluakulu ovala majekete akuimbira nthochi. Apongozi anga aakazi sanagwetse msozi ngakhale umodzi tsiku limenelo, ndipo ndinawayesa ouma mtima.

Maliro atatha, nyumba inayamba kupepuka. Alamu anga aakulu, mphunzitsi wa ku Khondowe, pamwamba pa phiri pamene pali mishoni, anatenga matchera ndi bwato n'kupereka kwa msuweni wawo kuti azisunga, poti mkazi sapalasa bwato. Sanakuwe, sanatukwane, anayamba ndi pemphero n'kumaliza ndi pemphero. Apo m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la ng'ombe zimene anapereka kwathu pondikwatira. Kwathu mwana ndi wa mayi ake ndi amalume ake. Kuno mwana ndi wa kuchimuna, ndipo ine ndinali mphika chabe umene anaphikiramo. Anandilola kukhalabe m'nyumba ya malemu, moyandikana ndi apongozi, chifukwa mwana anali wamng'ono.

Chaka chimenecho ndiye chija cha njala imene aliyense wa msinkhu wanga amaikumbukira. Anthu a kumtunda anatsikira kunyanja ndi mabulangete ndi mbale kudzasinthitsa ndi chinangwa, ndipo chinangwa chinakumbidwa chisanakhwime, china ndi eni ake, china ndi akuba. Nsomba zochepa zimene zinkaphedwa nyengo ya mvulayo zinkathera kwa ogula a magalimoto a pamsewu waukulu zisanafike n'komwe pathandala loanikira. Ine mkazi wa msodzi, amene kale ndinkaponyera agalu mitu ya nsomba, ndinayamba kuzungulira matandala ndi tsache kufuna tizidutswa togwa pansi, n'kupeza anzanga asesa kale. Kunyumba lero kunali kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndi chigwada, masamba a chinangwa chomwecho. Mawa chigwada ndi kondowole.

Mwana anayamba ndi mapazi. Ndinkati wanenepa, mpaka tsiku lina pomusambitsa ndinadina chala pamwamba pa phazi lake, n'kutsala kadzenje kosabwerera. Tsitsi linafiira n'kumathothoka, masaya anatupa, ndipo anasiya kulira. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chimenecho. Mwana amene ankalira mpaka anansi kudandaula tsopano ankangokhala duu pamene wamuika, maso ali tuzu. Kusikelo namwino anandiuza kuti ufa wa soya unatha, ndizikam'patsa nsomba, mazira, nyama, nyemba, chilichonse chotere tsiku ndi tsiku. Ndinafuna kumufunsa dzina la mudzi umene zinthu zimenezo zinkapezeka, koma ndinaona kuti nayenso milomo yauma. Ndinangoti yewo, zikomo wa kuno, n'kubereka mwana.

Apongozi anali ndi matanthauzo awoawo. Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa mpingo weniweni, wosaphonya kusita bulauzi yoyera ngakhale m'mimba muli zii, koma zamakolo sanazitaye. Kwa iwo mwana kutupa motero kunkatanthauza kuti mayi ake akuyenda ndi mwamuna mobisa n'kumadzathira mchere m'ndiwo. Sananene poyera. Ankangondiyang'ana kuyambira kumapazi ndikamachokera kumadzi. Ine wamasiye, nthiti zili pamtunda, mwamuna wake uti akanatembenuka kundiyang'ana? Anatumiza uthenga kuphiri, alamu anatsika.

"Mlamu," anatero kwa ine atamaliza kupemphera, "mwana uyu wadwala chomene. Kumtunda kuli chipatala, kuli nyemba, kuli mkaka. Ndimutenga. Inu mukapumuleko kwanu ku Dedza."

"Ndipite naye limodzi kumtundako, alamu," ndinatero ndili chogwada.

"Nyumba ya sukulu ndi yaying'ono, mlamu."

Ndinawagwira miyendo. Sindikukumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndinanena zambiri, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka changa chothyokathyoka. Anachita manyazi, anayang'ana nsapato zawo.

"Chabwino. Sukulu ikatsekera ndibweranso. Akakhala kuti sanasinthe, musadzandigwirenso miyendo."

Ankanena zoona zokhazokha, ndipo n'chifukwa chake ndinawada. Ndinadziwa kuti mwana akakwera phiri lija sadzatsikiranso kwa ine. Adzakula akunditchula kuti mayi uja wa ku Dedza. Ndinatsala ndi masabata ochepa oti ndichotse madzi m'mapazi ake, ndilibe ukonde, ndilibe nkhuku, ndilibe m'bale.

Nkhasi ndinaikumbukira m'mawa wina nditaona banja la kuseri kwathu likusenda imodzi. Njala inali itachotsa manyazi, ndipo anthu amene kale ankaikankhira m'madzi tsopano ankailimbirana. Mayi wa pamenepo anandigawira kachidutswa ka mwendo m'tsamba la nthochi. Ndisanafike nako pamoto, apongozi anali ataima pakhomo panga.

"Icho n'chiyani, mkamwana?" anandifunsa, akunditchula monga amatchulira mtengwa kuno.

"Nkhasi, amama. Ya mwana."

"Yayi." Anatambasula dzanja, ndinawapatsa, anaponyera galu. "Ena adye, m'nyanja alibemo munthu. Ife yayi. Nkhasi imadya chiyani pansi paja, inu mukudziwa? Mwana wane ali m'madzi muja, sanatuluke. Mukufuna mwana uyu adye adada ake?"

Galu anameza, ananyambita tsamba, ine ndikuyang'ana. Ndinafuna kuwakankha mayi aja, ndikunena zoona. Koma funso lawo linandivutitsa, chifukwa sindinkadziwadi chimene nkhasi imadya. Kufunsa asodzi sikukanatheka. M'mudzi muja ukayetsemula kunyanja, apongozi amamva uli m'njira. Ndinaganiza zokaona ndekha.

Kuseri kwa bango, pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, kunali kadambo ka madzi osaya kumene anthu sankakonda kupita poopa ng'ona. Ndinkapita masana dzuwa lili paliwombo, anthu atagona pamithunzi kusunga mphamvu, ndikunamizira nkhuni. M'kachitini ka malemu munali mutatsala mbedza zingapo zadzimbiri zimene alamu sanazione, ndi chingwe. Nyambo ndiye ndinagwiritsa nzeru za ku Dedza. Ndinati nkhasi ndi kamba amene anangophunzira kusambira, choncho ndinakoleka bowa pambedza, tsiku lina nsonga za chigwada, tsiku lina nthochi yakupsa imene ndikanatha kum'patsa mwana. Ndinkafunitsitsa kuti idye zimenezo. Ikanadya masamba, ndikanapeza nyama ndi yankho la apongozi nthawi imodzi. Tinsomba tating'ono tinkabwera kudzajompha bowa wanga n'kumapita, ine ndili chikhalire ngati chitsiru, masiku akutha.

Tsiku lina nditatopa ndinasiya chingwe n'kungokhala pamthunzi wa bango, mwana ali pamiyendo. Madzi anali mbee, ofika m'mawondo. Ndinaona tizigoba ta nkhono tophwanyikaphwanyika titamwazika pamchenga wa pansi, ngati pamene munthu amaswera mtedza. Nditayang'anitsitsa ndinaona mchenga ukupuma. Panali timaso tiwiri ndi kamphuno kaja. Thupi lonse linali litakwiririka. Inakhala choncho mpaka mwendo wanga unachita dzanzi. Kenako khosi linatalika pang'onopang'ono, kamphuno kanaboola pamwamba pa madzi, inakoka mpweya n'kubwerera. Kansomba kena kopusa kanadutsa pafupi, ndipo sindinaone n'komwe mmene khosi lija linachokera. Ndinangoona mchenga ukuvunduka, kansomba kulibe.

Patapita nthawi inadzikutumula n'kuyamba kuyenda pansi pa madzi, ikufwenkha mchenga ndi mphuno ngati nkhumba m'dimba. Inaima, inakumba ndi miyendo yakutsogolo, n'kutulutsa nkhono ija ya zigoba ziwiri zotsekana imene imabisala m'matope. Inaiika m'kamwa, nsagwada zinagwira ntchito, tizigoba tinatuluka m'mbali mwa kamwa n'kumira. Inasunthira pabango, n'kumathothola nkhono zing'onozing'ono zomata pamenepo, imodzi imodzi, mosapupuluma. Ndinaseka ndekha m'bango muja, ndinam'gwedeza mwana ndikumuuza kuti taona, imadya nkhono, imadya nkhono basi. Iye anangondiyang'ana ndi maso ake otupa aja.

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Mvula inagwa kumapiri, mtsinje unabweretsa zinyalala, ndipo pakati pa zinyalalazo panali mlamba wakufa, wotupa, wotuwa, utakodwa pabango. Nditafika ndinapeza nkhasi ili pamenepo. Inaluma pamimba, inagwira ndi zikhadabo, n'kumakoka mutu uku ndi uku mpaka mnofu unang'ambika. Inameza, inabwereranso. Ndinaona malaya a chipani aja m'maso mwanga, ndipo ndinasanza madzi okhaokha, poti m'mimba munalibe china. Apongozi sananame. Nkhasi imakonda nkhono, koma chakufa ikachipeza siidutsa.

Ndinakhala pansi. Kenako ndinatenga phazi la mwana n'kudina. Kadzenje kanatsala, kozama kuposa kale, ndipo khungu la kuseri kwa mawondo linali litayamba kusupuka. Ndinadziikira lamulo langalanga: nyambo ikhale nkhono yokha, ndipo nkhasi iliyonse ndizing'amba chifu ndisanaphike. Ndikapezamo mnofu umene sindikuudziwa, yonse ibwerere m'madzi. Linali lamulo la munthu wosowa mtengo wogwira, ndikudziwa, pakuti chifu chimangonena za dzulo ndi dzana, osati za miyezi yapita. Koma popanda lamulo limenelo dzanja langa silikanafika pakamwa pa mwana.

Ndinakumba nkhono za m'matope ndi zala za kumapazi, kuswa ndi mwala, kukoleka mnofu wake pambedza, n'kuponya pamene panali tizigoba tophwanyika. Nkhasi yoyamba inadula chingwe ndi kamwa n'kupita ndi mbedza. Ndinamasula waya wa chogwirira cha ndowa n'kumangira pamwamba pa mbedza ina. Yachiwiri inandikoka mpaka ndinalowa m'madzi ofika m'chiuno, ng'ona nditaziiwala, mwana nditamusiya pachitenje. Nditaikokera pamchenga ndinaigadabuza, koma khosi lake linkafika mpaka kumbuyo likufuna dzanja langa. Ndinaipatsa mtengo kuti ilume, inaluma osasiya, ndipo chikwanje chinamaliza nkhani. Kwathu ngakhale nkhuku ankandiphera ndi achimwene anga.

Chifu ndinachikhuthulira m'mbale ya malata, kuthiramo madzi, n'kumatsukuluza ngati ndikuchotsa miyala mumpunga. Munali tizigoba ta nkhono tambirimbiri, toyera ndi tofiirira, timiyendo ta nkhanu, timinga ta nsomba, ndi matope. Ndinasanthula ndi chala kachiwiri, kachitatu. Ndinayamika Mulungu chifukwa cha nkhono, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingadzachite. Ndinasonkha moto m'bango momwemo, ndinaphika mnofu m'kapoto mpaka unafewa, ndinaunyenya ndi zala n'kusakaniza m'phala la chinangwa. Mwana anakana. Ana otupa safuna kudya, ndipo palibe chopweteka ngati kugwira chakudya chimene wachivutikira, mwana n'kutembenuza nkhope. Ndinamunyengerera, ndinamuimbira, ndinam'kalipira, kenako ndinangopaka msuzi pamilomo pake ndi chala. Ananyambita. Ndinapakanso.

Nyama yotsala ndinkailenga timizere, kuiwamba pautsi, n'kuibisa m'kathumba pakati pa mtolo wa nkhuni. Ina yaikazi inali ndi mazira m'mimba, achikasu, ambiri, ndipo amenewo mwana anawalandira mosavuta. Ndinaphunziranso kutsata mapazi a nkhasi pamchenga mvula ikakata, mpaka pamene yakwirira mazira ake obulungira. Ine sindinkadya. Njala inkandipotokola m'mimba, fungo la msuzi linkandichititsa chizungulire, koma pakhosi pankakana. Mwana ndinkam'dyetsa ndi dzanja lomwelo limene linkakana kufika pakamwa panga, ndipo sindinayese kuzimvetsa.

Si tsiku lililonse ndinkapha. Ena nawonso anali atayamba kusaka nkhasi kunyanja, ndipo zinayamba kuchenjera. Pena ndinkakhala masiku angapo mbedza ili phee, kathumba kakupepuka, ndikuwerengera m'mutu kuti sukulu yatsala pang'ono kutsekera. Tsiku lina ndinapeza mkwekwe wa ng'ona pamchenga pomwe ndinkagoneka mwana dzulo lake. Ndinaimirira ndikuuyang'ana, kenako ndinasuntha chitenje kupita kumtunda pang'ono n'kuponya mbedza. Kubwerera kunyumba manja ali lende kunkandiopsa kuposa ng'ona.

Mwana anayamba kukodza kwambiri, ndipo kutupa kunayamba kuphwa. Koma madzi atachoka, panatsala mafupa. Mikono inali ngati timitengo, khungu lili makwinya. Ine ndinkadziwa kuti akuchira, chifukwa m'mawa wina analira, kulira kwenikweni kwaukali, akufuna kathumba kaja. Apongozi ankaona zina: mwana akuwonda, mayi ake akusowa masana alionse n'kubwera ndi tinkhuni tosakwana kuphikira tiyi, tsitsi lili ndi zinyalala za bango. Anaphatikiza okha n'kupeza yankho limene anali nalo kale.

Kutatsala masiku ochepa kuti alamu atsike, ndinapha nkhasi yaikulu kuposa zonse. Ndinali nditangoigadabuza, chikwanje chili ndi magazi, pamene bango linaphwanyika kumbuyo kwanga. Anali apongozi, thukuta lili chuchuchu, miyendo itakalika ndi bango, ndodo ili m'manja. Anayang'ana uku ndi uku, kuseri kwanga, pansi pa zitsamba.

"Ali kuti?"

"Ndani, amama?"

"Amene mumabwerera kuno masana onse."

Mantha anandithera pomwepo, n'kubwera ukali wa miyezi yonse ija. Sindinagwade. Ndinaloza nkhasi ndi chikwanje.

"Chibwenzi changacho ndi chimenecho, amama. Chioneni bwino, mukauze alamu."

Anayang'ana nkhasi, anayang'ana kapoto kakuda ndi mafuwa, anayang'ana mulu wa zikopa ndi mafupa umene ndinkaukwirira ndi bango. Nkhope yawo inagwa.

"Mwakhala mukumudyetsa."

"Ndakhala ndikumudyetsa. Iliyonse ndimaing'amba chifu, ndimaona ndi maso anga. Muli nkhono, muli nkhanu, mulibe munthu. Khalani pansi muone nokha, kenako mukandithamangitse bwino."

Ndinkayembekeza ndodo. Koma anakhala pansi pamchenga wotentha uja, miyendo atatambasula, n'kuyandikira. Ndinaing'amba nkhasi ija. Ndinakhuthulira chifu m'mbale, ndinathira madzi, ndinatsukuluza. Tizigoba ta nkhono tinaoneka, ndinawaonetsa. Chala cha nkhanu, ndinawaonetsa. Iwo anaweramira mbale ija mpaka mpweya wawo unkagwedeza madzi. Nditatsanula madzi kachiwiri, pansi pa mbale panatsala kaulusi ka nayiloni kobiriwira, kotalika ngati chala, kali ndi mfundo pakati.

M'zifu zonse zija sindinapezemo chinthu cha munthu, ndipo chinasankha kutuluka tsiku limenelo. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chinali. Nkhasi zimaba nsomba zokodwa m'matchera, n'kumeza ndi ulusi womwe. Ulusi wotero unkagulitsidwa pagolosale ya pamsewu, ndipo msodzi aliyense kuyambira ku Chiweta mpaka ku Tchalo ankasokera womwewo.

Apongozi anautola ndi zala ziwiri.

"Mfundo iyi ndi ya mwana wane," anatero.

"Amama, ulusi umenewo uli paukonde uliwonse. Mfundo imeneyo amamanga aliyense."

"Ndi yake. Anali nawo m'thumba la kabudula, ndinamuona m'mawa umene uja akusoka pakhonde."

Ndinanenanso kuti ndi wa aliyense, mawu akundithawa, chifukwa ndinkaona nyama yonse ija ikubwerera m'madzi, ndi mwana wanga akukwera phiri pamsana pa mkazi wina. Sanandimve. Anautsuka ulusi uja m'madzi, anaupukuta pabulauzi, anauyala pachikhatho n'kumausisita ndi chala. Kenako mayi amene sanalire pamaliro analira. Sikunali kulira kwa pamaliro kokhala ndi mawu ake. Kunali kubuula chabe, kotsika, kochokera m'mimba, mapewa akugwedezeka. Pamenepo ndinazindikira kuti mmene ankaweramira mbale ija sankafuna kundigwira bodza. Ine ndinkasanthula zifu ndikupemphera kuti ndisam'peze mwamuna wanga. Iwo anasanthula chimodzi chokha akupemphera kuti am'peze.

Mwana anadzuka ndi phokosolo n'kuyamba kulira, akukwawira kukapoto. Apongozi anamanga ulusi pamfundo ya chitenje chawo, anapukuta nkhope, anam'nyamula n'kumuika pamiyendo. Anatenga phazi lake, anadina ndi chala chachikulu, anakhalitsa, n'kuchotsa. Tonse tinayang'ana. Khungu linabwerera. Anadina phazi linalo, linabwereranso. Anatembenukira kunkhasi ija, ntchentche zikuizungulira.

"Phikani, mkamwana."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Phikani. Mwana wane ali moyo sanam'gonekepo ndi njala mwana uyu. Sono akumutumizira kuchokera kumene aliko, ine ndine ndani kuti ndikanize? Mlekeni amudyetse mwana wake."

Ndinasonkha moto misozi ikugwera pankhuni. Nyama itafewa, anandilanda mbale, ananyenya okha ndi zala zawo zazitali zija, anauzira, n'kumam'dyetsa mwana pang'onopang'ono, akumutchula dzina la bambo ake monga amachitira pomusangalatsa. Iwo sanalawe, inenso sindinalawe. Pobwerera anasenza okha kathumba ka nyama, poyera, kudutsa pakati pa mudzi.

Alamu anatsika sukulu itatsekera, ali ndi kabulangete kobereka nako mwana. Anaona mikono yowonda ija n'kupukusa mutu. Asanayambe pemphero, mayi awo anawadula.

"Mwana sakwera. Ali ndi womudyetsa kuno."

Alamu anayang'ana ine, akuyesa akunena ine, ndipo sindinawakonze. Anasiya nyemba zimene anabweretsa, anagona, m'mawa anakwera phiri okha.

Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, apongozi anandikodola. Tinapita kumanda atatu, mwana ali kumsana. Udzu unali utamera pamtumbira wa nthochi uja, pakuti ine sindinapondepo chiikireni. Anazula udzu wa kumutu, anakumba kadzenje ndi manja, anamasula mfundo ya chitenje, anaika ulusi uja n'kukwirira bwinobwino, akusalaza dothi ndi chikhatho. Anayamba nyimbo yomwe ija anaimba amuna a majekete. Ndinkadziwa, ndipo ndikudziwabe mpaka lero mwana uja ali ndi ana akeake, kuti unali ulusi wa pagolosale, wa ukonde wa aliyense. Koma ndinagwada pambali pawo, ndinagwira dothi lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti m'manda muja muli mwamuna wanga.